Bokosi la adokotala a m'mudzi likauma: kodi LA amachokera kuti?

 Ine ndine mnzanu, mmodzi mwa alangizi a achinyamata pa kalabu yathu. Lero ndabwera ndi nkhani ya bokosi lomwe ambiri a ife taliwonapo koma sitinafunsepo za ilo. Ndikunena bokosi la mankhwala la alangizi a zaumoyo, a HSA aja, omwe kumudzi kuno timangowatchula kuti adokotala.

Zomwe zinandichitikira

Mwezi wa Febuluwale chaka chatha mvula inagwa masiku atatu osakata. Usiku wina mwana wa achemwali anga, wa zaka ziwiri, anatentha thupi kwambiri, phala n'kumakana. Kutangocha achemwali anam'bereka, ine ndikutsatira pambuyo ndi ambulera, ulendo wa ku kiliniki ya m'mudzi. Adokotala anam'baya mwanayo pachala, nadontheza magazi pa kachipangizo koyezera kaja. Patadutsa mphindi pang'ono tinawona mizere iwiri. Atatero anatiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu ali ndi malungo ndithu, koma LA wandithera dzana. Ndikulemberani kalata, thamangani naye kuchipatala lero lomwe. Musati mudikire mawa."

Msewu unali matope okhaokha ndipo a kabaza anali atakweza mtengo. Achemwali anachita kukongola ndalama kwa anansi. Tinakafika dzuwa lili paliwombo, mwanayo atalefukiratu. Mwamwayi analandira mankhwala ndipo anachira, pano akuthamanga ngati palibe chinachitika. Koma ine tsiku limenelo ndinapsa mtima. M'njira monse ndinkangoti, "Anthu awa agulitsa mankhwala basi."

Paja amati safunsa anadya phula. Patapita sabata ndinabwerera kwa adokotala aja kukafunsa bwinobwino. Sanakhumudwe ayi. Anandipatsa mpando, natulutsa kaundula wawo, n'kuyamba kundiwonetsa tsamba ndi tsamba. Zomwe ndinaphunzira tsiku limenelo, pamodzi ndi zina zomwe ndafufuza pambuyo pake, ndi zomwe ndikufuna tigawane.

Kodi kiliniki ya m'mudzi ndi chiyani?

Kale mwana akadwala malungo, makolo ankayenera kuyenda mpaka kuchipatala, kaya chikhale patali bwanji. Ana ambiri ankamwalira ali kunyumba kapena m'njira. Nchifukwa chake mu 2008 Unduna wa Zaumoyo unayamba kuphunzitsa a HSA kuti azipereka okha mankhwala kwa ana m'midzi yovuta kufikako. Poyamba ankayang'ana midzi yomwe ili pa mtunda woposa makilomita 8 kuchokera pa chipatala.

Kiliniki imeneyi ndi ya ana a miyezi 2 kufikira osakwana zaka 5. Matenda akuluakulu omwe amathandiza ndi malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Choncho m'bokosi muja mumayenera kupezeka LA, zoyezera malungo, mankhwala a chibayo, Thanzi ORS, zinki ndi panado. Zonsezi ndi zaulere. Pomwe ntchitoyi imayamba, anakonzanso zoti bokosilo lizikhala ndi maloko awiri, kiyi mmodzi kwa a HSA, wina kwa membala wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Cholinga chake chinali choti mudzi uzidziwa zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka.

Mwina mukudabwa kuti bwanji anasankha ana okhaokha. Bungwe lowona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2023 anthu pafupifupi 597,000 anamwalira ndi malungo pa dziko lonse. Mwa anthu 100 aliwonse omwe anamwalira, 95 anali a muno mu Africa, ndipo mwa amenewa atatu mwa anayi aliwonse anali ana osakwana zaka 5. Thupi la mwana silinazolowere kulimbana ndi tizirombo ta malungo. Mwana yemwe amasewera m'mawa akhoza kukomoka mawa lake. Nchifukwa chake amati mwana akatentha thupi ayezedwe ndi kulandira mankhwala pasanathe maola 24. Kwa ife okhala kufupi ndi nyanja ndi madambo, komwe udzudzu susowa chaka chonse, bokosi limeneli ndi nkhani ya moyo.

LA ndi mankhwala otani?

Agogo athu amakumbukira kolokwini, wowawa uja. Anagwira ntchito zaka zambiri mpaka tizirombo tinamuzolowera, anthu n'kumamwa koma osachira. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, yemwe ambiri amam'dziwa kuti Fansidar. Naye patapita zaka anayamba kulephera. Mu 2007 boma linasinthanso n'kubweretsa LA.

LA ndi mankhwala awiri ophatikizidwa m'piritsi limodzi, lumefantrine ndi artemether. Artemether amapha tizirombo mwachangu koma sakhalitsa m'thupi. Lumefantrine amagwira pang'onopang'ono, n'kumalizitsa totsala. Artemether amapangidwa kuchokera ku mankhwala opezeka m'chomera china cha ku China, omwe mayi wina wa sayansi dzina lake Tu Youyou ndi anzake anawatulukira mu 1972. Mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi.

LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kutanthauza kasanu n'kamodzi. Tsiku loyamba, ukamwa koyamba umadikira maola 8 n'kumwanso. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo ya wodwala. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 paketi yake ndi ya mapiritsi 6, wa makilogalamu 15 mpaka 24 ndi ya mapiritsi 12, wa makilogalamu 25 mpaka 34 ndi ya mapiritsi 18, ndipo wamkulu ndi ya mapiritsi 24. A HSA amasunga mapaketi awiri oyambawo basi. Tsono inu anyamata anzanga, mukapita kukapempha LA kwa adokotala a m'mudzi n'kukukanizani, si nkhanza ayi. Mulibemo wa msinkhu wanu. Malo anu ndi kuchipatala.

Ulendo wa paketi imodzi ya LA

LA yemwe timalandira kuno amachokera kunja. Woyambirira, wotchedwa Coartem, ndi wa kampani ya Novartis ya ku Switzerland, ndipo masiku ano mafakitale ena, makamaka a ku India, amapanganso mankhwala omwewa. Popeza Malawi alibe doko la pa nyanja ya mchere, katundu wobwera pa sitima amatsikira m'madoko a mayiko oyandikana nafe monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kenako n'kubwera pamtunda. Wina amabwera pa ndege. Doko lathu la Chipoka lino ndi la pa nyanja ya Malawi yokha, sitima za ku India sizingafike pano.

Nanga amalipira ndani? Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la mankhwala a malungo lagulidwa ndi ndalama za mabungwe othandiza. Awiri odziwika ndi Global Fund, yomwe inakhazikitsidwa mu 2002, ndi ndondomeko ya boma la America yotchedwa PMI, yomwe anayambitsa George W. Bush mu 2005. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kumayiko ena, ndipo bungwe la USAID, lomwe linkatsogolera PMI, linatsekedwa chaka chomwecho. Izi zinatikumbutsa kuti LA ndi waulere kwa ife koma pali wina amene amam'gula, ndipo thumba la mwini limatha kutsekeka nthawi ina iliyonse.

Mankhwala akalowa m'dziko amasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Za boma zimayendetsedwa ndi Central Medical Stores Trust, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kuchokera m'nyumba zoterezi magalimoto amagawa mankhwala m'zipatala, potengera malipoti omwe zipatalazo zatumiza. Galimoto yobwera kuno imatsika mapiri kuchokera ku Lilongwe kufika pa Salima, n'kukhotera kummwera pa msewu wa M5.

Apa ndi pomwe galimoto imathera. Palibe galimoto yomwe imafika pa kiliniki ya m'mudzi. A HSA amapita okha ku chipatala chomwe chimawayang'anira, nthawi zambiri kamodzi pa mwezi, kukatenga gawo lawo. Ena amapalasa njinga, ena amayenda pansi, katoni pa kaliyala kapena pamutu. Tsiku limenelo kiliniki imakhala yotseka. Paketi yomwe yawoloka nyanja ya mchere ikhoza kulephera kuwoloka kamtsinje kamodzi kosefukira.

Masamu a m'bokosi

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi chakuti mankhwala sangobwera mwachisawawa. Amatsatira manambala. Mwana aliyense yemwe wathandizidwa amalembedwa m'kaundula: msinkhu wake, zotsatira za kuyeza, ndi mankhwala omwe walandira. Kumapeto kwa mwezi a HSA amawerenga zomwe agwiritsa ntchito ndi zomwe zatsala, n'kutumiza lipoti. Lipoti limenelo ndi lomwe limauza a kuchipatala kuti alongedze mapaketi angati.

Kale zonsezi zinkayenda pa mapepala okhaokha, ndipo a HSA ankatha kupalasa mtunda wautali n'kukapeza kuti mankhwala kulibe. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma asanu n'limodzi. Mwa njirayi a HSA ankatumiza uthenga wa pa foni wonena kuchuluka kwa mankhwala omwe atsala. Kompyuta inkawerengera zomwe akufunika, n'kutumiza uthenga ku chipatala. A kuchipatala akalongedza ankayankha kuti katundu wakonzeka, bwerani mudzatenge. Pofika 2014 njirayi inali itafalikira m'maboma onse. Masiku ano a HSA ena ali ndi mafoni amakono kapena matabuleti, koma mfundo yake sinasinthe: lipoti likapanda kupita, mankhwala sabwera.

Komabe masamuwa ali ndi vuto lake, ndipo ndi lomwe linagwera mwana wa achemwali anga. Kuwerengera kumatengera zomwe zinagwiritsidwa ntchito m'miyezi yapitayo. Tiyerekeze kuti m'chilimwe, Seputembala mpaka Novembala, adokotala amapereka mapaketi 20 pa mwezi. Akamaitanitsa, adzapatsidwa molingana ndi 20 ameneyo, kuwonjezapo ena apadera. Ndiye mvula yagwa, zithaphwi zadzadza, udzudzu waswana, mu Januwale ndi Febuluwale ana odwala afika 60 pa mwezi. Bokosi liwuma mwezi usanafike pakati. Adokotala athu anandiwonetsa kuti anali atapempha kale mankhwala owonjezera, koma komwe amakatengako nakonso anali atachepa, akudikira galimoto. Mapaketi onse omwe analandira anali olembedwa m'kaundula, mwana ndi mwana. Ndinachita manyazi ndi mawu anga aja.

Palinso zina zosokoneza. Foni ikatha moto kapena netiweki ikavuta, lipoti limachedwa. Zoyezera zikatha LA alipo, kapena LA akatha zoyezera zilipo, ntchito imaimabe chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Komanso LA amafunika kusungidwa pamalo osatentha kuposa madigiri 30, pomwe inu mukudziwa momwe nyumba ya malata imawotchera kuno mu Okutobala. Ali ndi tsiku lothera mphamvu, ndiye sungangomuwunjika wochuluka kuti akhale zaka.

Sindikunena kuti kuba kulibe. Kulipo, ndipo nchifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Koma tisanaloze munthu chala, tiyambe tafunsa ndi kuwona kaundula.

Nanga ife timalakwitsa pati?

Apa tsopano tiwuzane zowona, anzanga. Mbali ina ya vutoli ili m'makomo mwathu momwemu.

Choyamba ndi kukakamiza LA popanda kuyezetsa. Kutentha thupi si malungo nthawi zonse. Kachipangizo kakawonetsa mzere umodzi, ena timakwiya n'kumati adokotala akumana mankhwala. Koma kumwetsa LA mwana yemwe ali ndi chibayo ndi kutaya paketi, kwinaku matenda enieniwo akukula.

Chachiwiri ndi kugawana. Mwana akamwa tsiku limodzi n'kuyamba kusewera, mayi amasunga otsalawo kuti adzathandize mkulu wake. Enanso amabwereka mwana wa mnzawo kuti akatengere mankhwala abambo a kunyumba. Zotsatira zake palibe yemwe wachira bwinobwino. Pakapita sabata ziwiri mwana uja wadwalanso, n'kukatenga paketi ina. Matenda amodzi adya mapaketi awiri.

Choopsa kwambiri ndi chakuti tizirombo tomwe tapulumuka ku mankhwala osakwanira ndi tomwe timaswana n'kufalikira. Umu ndi momwe tinatayira kolokwini ndi Fansidar. Akatswiri apeza kale tizirombo tomwe tayamba kuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Tanzania ndi mnansi wathu, sikutali ayi.

Chachitatu ndi kugula mankhwala pa msika, m'maokala kapena kwa anthu oyenda nawo m'zikwama. Mankhwala oterewa sudziwa ngati ndi enieni, ngati sanathe mphamvu, kapena akhala padzuwa nthawi yaitali bwanji. Ndipo ngati anabedwa m'chipatala cha boma, wogulayo ndi amene akupatsa wakuba msika. Paketi imene wagula pa msika mwina ndi yomwe ikanakhala m'bokosi la m'mudzi mwanu.

Chachinayi ndi maneti. Tonse tawawona akuwedzera nsomba m'mbali mwa nyanja, ena atatchingira dimba kapena anapiye. Mwana wogona popanda neti amadwala pafupipafupi, ndipo bokosi limawuma msanga.

Mukapeza LA watha, chitani izi

Musabwerere kunyumba kukadikira. Landirani kalata kwa adokotala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Panado amangotsitsa kutentha kwa thupi, sapha tizirombo ta malungo.

Dziwaninso zizindikiro zoopsa: mwana kugwa linjirinjiri, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse chomwe wadya, kulefuka kwambiri kapena kukomoka. Mwana wotere safunika mapiritsi, afunika chipatala mwachangu. A HSA ena amakhala ndi mankhwala a artesunate olowetsa kumalo ochitira chimbudzi, oti am'thandize mwanayo m'njira. Koma chenjerani, mankhwala amenewa sachiritsa malungo paokha. Ngakhale mwana aoneke ngati watsitsimuka, ulendo wa kuchipatala upitirire.

Mukalandira LA, mwana amwe koyamba pomwepo adokotala akuwona. Muzim'mwetsa atadya kapena atayamwa, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta pang'ono monga mkaka kapena phala lotendera. Akasanza atangomwa kumene, bwererani mukafunse. Ndipo amalize masiku onse atatu ngakhale akuwoneka kuti wachira.

Kodi kalabu yathu ingachitepo chiyani?

Asodzi akamakoka khoka, aliyense amagwira chingwe pamalo pake. Mmodzi akataya, nsomba zimapulumukira pomwepo. Ife achinyamata tili kumapeto kwenikweni kwa chingwe cha mankhwalachi, ndipo pali zingapo zomwe tingathe popanda ndalama.

Kalabu yathu inayamba ndi kukaonana ndi adokotala pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo. Tinafunsa kuti amatumiza lipoti liti, amakatenga mankhwala tsiku lanji, ndipo chimawavuta n'chiyani. Yankho lina linali losavuta: njinga ndi moto wa foni. Pano mnzathu wina yemwe ali ndi sola kunyumba amawatchajira foni kumapeto kwa mwezi, ndipo tsiku lokatenga mankhwala anyamata awiri amawaperekeza kukathandiza kunyamula. Tinagwirizananso kuti adokotala akawona kuti mapaketi atsala ochepa, aziwuza komiti msanga, ife n'kuthandiza kufalitsa uthenga kuti makolo asataye nthawi.

Inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi. Pemphani a mfumu kuti nkhani ya bokosi la mankhwala izikambidwa pa msonkhano wa mudzi mvula isanayambe, cha mu Okutobala kapena Novembala, osati ana atayamba kale kudwala. Ngati kiliniki yanu imachitikira pansi pa mtengo, kambiranani zoumba njerwa kuti pakhale kanyumba kozizirako bwino kosungiramo bokosi. Konzani sewero losonyeza mayi wogawa paketi imodzi kwa ana awiri, muwonetse kutchalitchi, kumzikiti ndi kudoko. Mukawona wina akugulitsa mankhwala omwe mukuwakayikira kuti ndi a boma, kapena wina akulipiritsa pa kiliniki ya m'mudzi, uzani a komiti, a mfumu kapena apolisi. Musamulange nokha.

Mu 2021 dziko lathu linakhazikitsa kampeni yofuna kuthetsa malungo pofika chaka cha 2030. Chaka chimenecho ambiri a ife tidzakhala tili ndi ana athuathu, ndipo tidzakhala ife obereka mwana kumsana m'mamawa, kuthamangira ku bokosi lomweli.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. Kodi kiliniki ya m'mudzi yomwe ili pafupi nanu imatsegulidwa masiku ati? Nanga a HSA amakatenga mankhwala tsiku lanji?

2. Ndani ali m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu? Mulimo wachinyamata?

3. Mayi wina wakuuzani kuti wasunga LA wotsala kuti adzamwetse mwana wina. Mungamuyankhe bwanji mwaulemu?

4. Mwana atadwala usiku mvula ikugwa, LA n'kupezeka kuti watha, mudzi wanu uli ndi njira yanji yom'fikitsira kuchipatala?

Kambiranani, ndipo zomwe mwagwirizana mutilembere kuti makalabu ena aphunzirepo.